Mawailesi Akufa a mu Kolido

Tsache anaima pakhomo la chipinda chochezera, manja ali m'chiuno, mpango atamanga kumutu ngati munthu wopita kukazima moto. Dzina limeneli anamupatsa ndi bambo ake ali kamtsikana, chifukwa ankasesa ngakhale pansi pa mapazi a alendo asanatsanzike. Linamukanirira mpaka kukula, moti kuhotela kumene ankayang'anira atsikana okonza zipinda, ambiri sankadziwa n'komwe kuti ali ndi dzina lina. Kumeneko ankangoyendetsa chala pamwamba pa chitseko n'kuchionetsa kwa wantchito, osatulutsa liwu. M'nyumba ya bambo ake chalacho chinalibe ntchito, pakuti fumbi lake linkachita kukulonjera lokha.

Bambowo anali wokonza mawailesi, ndipo msewu wonse unkangowatchula kuti a Mawailesi. Anthu atayamba kumvera nyimbo pafoni ntchito inatha, koma mawailesi sanachoke. Amene eni ake sanabwerenso kudzatenga anasanjidwa mu kolido, mbali zonse ziwiri, mulu wofika m'chiuno, kungosiya kanjira koti munthu adutse chammbali. Pabalaza panali makina osokera a malemu mayi ake, opanda lamba. Panalinso mpando wa miyendo itatu wotsamira khoma, fani yopanda mapiko, ndi tayala la njinga lomwe linagona pafupi ndi chitseko kuyambira kalekale. Kukhitchini kunali waya wautali wochokera pamsomali kukafika kuchitseko chakuseri, ndipo panalibe ngakhale kansanza koyanikapo.

Mwini nyumbayo anali m'chipatala. Anagwa pa sitepe yakuseri, n'kuthyoka mkono wamanzere ndi kutemeka pachipumi. Tsache sanadabwe nazo. Ulendo wapitawo iye mwini anachotsa batire lakale la galimoto lomwe linkakhala pamwamba pa sitepe yomweyo likudontha madzi ake owononga simenti, ndipo anachoka akudandaula kuti nthawi yamuchepera, bwenzi atachotsa zambiri.

Nkhani inavuta panja pa wodi. Mlongo wake wamng'ono, amene banja lonse linkamutcha Zengerezu chifukwa chilichonse kwa iye chinali cha mawa, tsiku limenelo yekha analibe za mawa.

"Achemwali, tisanamizane," anatero akusewera ndi makiyi a galimoto. "Nyumba ija ndi msampha. Lero ndi mkono, tsiku lina lidzakhala khosi. Bambo abwere kwathu, chipinda chilipo. M'nyumbamo tiikemo munthu wa lendi."

"Kwanu kosanjikiza kuja? Iwe ndi mlamu wanga mumachoka m'mawa n'kubwera dzuwa litalowa. Bambo azikacheza ndi ndani, ndi firiji?"

"Nanga kwanu? Chipinda chimodzi chija?"

Koma makutu a wokonza mawailesi sakalamba, ndipo mawu anatuluka mu wodimo, ouma gwa.

"Inu ana inu, ndikukumvani. Mayi anu anatsirizikira m'nyumba ija. Mukafuna kundichotsamo, mudikire tsiku lodzandinyamula anthu anayi."

Pamapeto pake abale awiriwo anagwirizana chimodzi. Tsache atenge tchuthi, achotse m'nyumbamo chilichonse chimene munthu angapunthwe nacho. Ikayera, Bambo akhale m'nyumba yawo. Akadzagwanso, apite kwa Zengerezu popanda kukambirananso. Nkhalambayo sanaiuze, pakuti onse ankadziwa kuti ikana. Zengerezu analonjeza kudzathandiza Loweruka, ndipo Lowerukalo linafika lokha, mwini lonjezo osaoneka. Mutu ukakula sulewa nkhonya, Tsache anapinda malaya n'kuyamba yekha.

Anagwira ntchitoyo monga ankachitira kuhotela alendo akasiya katundu. Panja pabwalo anaika milu itatu: zogulitsa, zopatsa anthu, ndi zotaya. Makina osokera anawajambula n'kuwatumiza pagulu la akuntchito, ndipo dzuwa lisanapendeke kunabwera telala wina wamkazi ndi mwamuna wake kudzawanyamula. Pamene ankawakweza pagalimoto, kabati kake kanatseguka n'kugwetsa tizibatani tamitundumitundu. Tsache anamva kutentha m'maso, koma anadziuza kuti akufa safuna makina, amoyo ndi amene amafuna poyenda. Madiresi a mayi ake anawapinda bwino n'kukawasiya kunyumba yosamalira okalamba. Mpando wa miyendo itatu, fani, tayala, zonse zinapita kumulu wotaya. Waya wa kukhitchini anaudula ndi pulayala ya bambo ake omwe.

Kukhitchiniko anapeza zitini zitatu zadzimbiri. China chinali chomangidwa ndi mphira, china ndi chingwe cha nsapato, chachitatu chinali chopanda kanthu m'chiuno. Munali shuga, mchere ndi masamba a tiyi. Anapukusa mutu, n'kukagula mabotolo atatu ofanana, owala bwino, ndipo pa lililonse anamatapo kapepala kolembedwa ndi dzanja lake lokongola.

Ali mkati motulutsa mawailesi, mayi wa kuseri kwa mpanda anasuzumira. Anali mayi wonenepa, wophika makeke ogulitsa, amene ankawapatsira a Mawailesi chakudya chamasana kuyambira pamene anaferedwa.

"Mwanawe, ntchito yakula. Koma eni ake mwawafunsa?"

"Aneba, Bambo mukawafunsa, ngakhale msomali wopindika adzati uli ndi ntchito yake."

"Eee, n'zoona. Komatu mawailesiwo..." Mayiyo anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Anayang'ana pansi, akupukuta manja owuma kale pa epuloni. "Basi, ndinu ana awo. Ine ndapita, makeke angapserere."

Tsache anaona chinthu chimodzi chimene chinamuimitsa pang'ono. Mawailesi onse anali mbuu ndi fumbi, koma a pamwamba pa muluwo anali ndi malo ena osalala, owala ngati opakidwa mafuta: apa batani lozungulira, apo chogwirira, pena nsonga ya eriyo yothyoka. Diso lake la ntchito linaona, koma mutu unali pa wogula zitsulo zakutha amene anali atafika kale panja ndi kalole kake, akuliza hutala. Anangoganiza kuti nkhalamba ikasowa chochita imaseweretsa zinthu zake zakale. Wogulayo anaponya mawailesiwo m'lole ngati maungu, ndipo kolido inatsala yotakasuka, moti Tsache anadutsamo atatambasula manja, akuseka yekha.

Anakolopa, anapaka polishi, anachapa makatani. Kunena zoona, nyumbayo inakongola. Dzuwa linalowa m'malo amene linali lisanafikemo zaka zambiri, ndipo mawu ankachita kubwerera m'makoma. Mtima wake unadzaza ndi kunyada, chifukwa ankadziwa kuti wawapulumutsa bambo ake ku nyumba yosanjikiza ija.

Anawatulutsa m'chipatala Lachitatu masana. Zengerezu anawagwira mkono kuchokera pagalimoto mpaka pakhomo, kenaka foni yake inalira, n'kubwerera kumsewu akukangana ndi munthu wina za matayala. A Mawailesi anakankha chitseko, mkono wa chikhakha uli pachifuwa. Phazi lawo lamanja linapita patsogolo n'kupapasa pansi chakumbali, pamene pankagona tayala lija. Silinapeze kanthu. Anatambasula dzanja molingana ndi chiuno, pamene pankaima makina osokera, n'kugwira mphepo.

"Takulandirani, Bambo!" Tsache anatero, mawu ali m'mwamba. "Taonani nyumba yanu. Mwaizindikira?"

"Mwatani muno?"

"Ndakonza. Zonse zija zokupunthwitsani ndachotsa. Tsopano mukhoza kuvina m'kolido osagunda kanthu."

Nkhalambayo inamwetulira, koma kumwetulirako inalozetsa kukhoma, osati kumene kunali mwana wake.

"Zakoma, mama. Wagwira ntchito."

"Khalani pansi, ndikuikireni tiyi."

"Ndiyambe ndapita kuchimbudzi. Msewu uja wandigwedeza."

Tsache analowa kukhitchini akuimba chapansipansi. Anatereka ketulo, n'kutsuka makapu oyera kale. Patapita nthawi anazindikira kuti sanamve chitseko cha kuchimbudzi chikulira, chonsecho chinali chitseko chaphokoso. Anamva mapazi okha akukhwekhwereza, kuima, kukhwekhwerezanso. Kenaka china chake chinagunda khoma, ndipo kunamveka kubuula kofuna kubisika.

Anawapeza ataima pakati pa balaza, atafulatira kolido. Dzanja lawo lamoyo linali m'malere, zala zikutseguka ndi kutsekeka. Maso anali otsegula, akuyang'ana patali. Buluku lawo linali litada kutsogolo, ndipo madzi ankayenderera pang'onopang'ono pa simenti yopakidwa polishi ija.

"Bambo?"

"Usandiyang'ane, mwanangu."

"Chimbudzi chili uko, Bambo. Kumbuyo kwanu."

"Kuti?"

Tsache anayandikira n'kuyendetsa dzanja lake pamaso pawo, uku ndi uku, ndipo zikope sizinaphethire. Nthawi yomweyo Zengerezu analowa akuika foni m'thumba, n'kuima chilili pakhomo. Ketulo yokha ndi imene inkalira kukhitchini.

Atawasambitsa ndi kuwasintha zovala, anawakhazika pampando wa pabalaza. A Mawailesi analankhula nkhope ili pansi, ngati mwana wogwidwa ndi dzanja mu shuga.

"Anayamba mayi anu atangopita. Poyamba zinkakhala ngati utsi m'mbali mwa maso. Utsi uja n'kumabwera pakati. Pano ndimangodziwa kuti kwacha kapena kwada, basi."

"Ndiye osanena?" Zengerezu anafunsa. "Kuchipatala konse kuja osanena?"

"Kuchipatala ndinkati magalasi ndaiwala kunyumba. Munthu wothyoka mkono amamudyetsa, amamugwira popita kubafa. Akanadziwa ndani? Aneba okha ndi amene ankadziwa, ndipo ndinawalumbiritsa. Ndikananena, bwenzi ndili kwanu kalekale, nditakhazikidwa pakona ngati katoni."

"Nanga munkayenda bwanji muno?" anafunsa Tsache.

Nkhope ya nkhalambayo inawala pang'ono, monga inkachitira kale ikamafotokozera kasitomala chimene chavuta mu wailesi yake.

"Ndikalowa, phazi ligunde tayala, ndiye kuti ndatseka chitseko bwino. Chiuno chikhudze makina a mayi ako, ndikhotere kumanja. Mpando wolumala uja unali pakamwa pa kolido. M'kolidomo ndiye munalibe vuto. Wailesi ya batani lalikulu losweka mbali imodzi, ya mphunzitsi uja anasamuka osalipira, imeneyo ndi chipinda changa. Ya chogwirira chachikopa, bafa. Ya eriyo yothyoka, chimbudzi. Iliyonse ndinkaidziwa, mwanangu, ndinazitsegulapo m'mimba zonse zija. Kukhitchini ndigwire waya, undifikitse kuseri. Ndinkayenda muno ngati mnyamata."

"Nanga munagwa bwanji?"

"Pa sitepe paja pankakhala batire. Phazi likaligunda, ndinkadziwa kuti apa n'potsika. Tsiku lija silinalipo. Kaya ndi ana a mumsewu anaba, amagulitsatu zimenezija."

Tsache ananyamuka n'kupita kukhitchini ngati wokatenga tiyi, n'kukaima moyang'anizana ndi mabotolo atatu ofanana aja, ndi timapepala take tolembedwa mwaluso. Analira mosatulutsa mawu, atadziluma chala. Safunsa anadya phula, ndipo iye phulalo anachita kuwadyetsa bambo ake.

Kutacha analawira kwa wogula zitsulo. Malo ake anali kumapeto kwa tauni, bwalo lalikulu lozingidwa ndi malata, lonunkha mphira wopsa. Anamupeza atakhala pa injini yakufa, akumwa tiyi m'chitini.

"Mawailesi aja munagula kwathu, bambo. Ndikuwafuna. Ndibweza zonse, ndiwonjezeranso."

Bamboyo anaseka mpaka kutsamwa. "Mayi, ife katundu sitigona naye. Tikagula m'mawa, masana nyundo yadutsamo. Timangofunamo kopa." Analoza ndi chibwano mulu wa zipande zakuda ndi zofiirira pafupi ndi mpanda. "Ngati mukufuna zikhokhombe zake, tolani ulere."

Tsache anagwada pamuluwo, iye amene sankalola ngakhale tsitsi limodzi m'bafa la alendo. Anafukula ndi manja mpaka kudzicheka. Anapeza timagalasi tosweka ndi zidutswa za pulasitiki, koma panalibe chimene akanati iyi ndi wailesi. Kwa telala uja sanapiteko n'komwe, chifukwa makina okha popanda zinzake akanathandiza chiyani?

Komabe sanagonje. Anapempha Zengerezu kuti adikire kaye, ndipo kamodzi kokha m'moyo wake anathokoza kuti mlongo wake ndi munthu wa mawa. Anatolera makatoni kusitolo, n'kuwadzaza ndi njerwa, n'kuwasanja mu kolido. Pa ina anamatapo supuni, pa ina chivindikiro cha botolo, pa ina burashi. Anamanga waya watsopano kukhitchini. Anagula tayala kwa wokonza njinga, bamboyo akudabwa kuti mayi wovala bwino akufuna tayala lotha dala. Aneba anabwereketsa tebulo laling'ono kuti liime m'malo mwa makina, ndipo polipereka analira, akuti, "Ndinafuna kunena, mwanawe, koma lumbiro ndi lumbiro."

A Mawailesi anayesetsa, ndipo palibe angawanene kuti sanayesetse. M'mawa uliwonse ankaima pakhomo, mwana wawo ali pambuyo, n'kuyamba ulendo wa m'nyumba yawoyawo.

"Supuni ndi chiyani paja?"

"Chipinda chanu, Bambo."

"Osati bafa?"

"Bafa ndi burashi."

"Eya, burashi. Wanzeru mwana wanga." Kenaka ankalowa m'bafa akufuna bedi, n'kuseka okha kuti Tsache asamve chisoni.

Tebulo la aneba linali lalifupi, moti m'malo mokhudza chiuno linkawamenya pabondo. Waya watsopano unali m'mwamba pang'ono, dzanja linkadutsa pansi pake. Dokotala wa maso atawayeza anapukusa mutu, n'kunena kuti akanabwera utsi uja utangoyamba bwenzi pali chochita, koma tsopano mitsempha inauma. Tchuthi cha Tsache chinatha, anapempha china, ndipo abwana ake anayamba kuyankha mafoni ake ndi mawu afupiafupi.

Tsiku lina masana anangotuluka pang'ono kukagula sopo. Pobwera anawapeza atakhala pansi mu kolido, katoni imodzi itagwa, njerwa zili mbwee, chala cha kuphazi chikutuluka magazi. Sanaitane munthu. Anangokhala pamenepo, mkono wa chikhakha uli pamiyendo, akudikira.

"Bambo, ndikonza. Ndiika zopepuka, ndichotsa njerwazi. Zengerezu sitimuuza."

"Khala pansi, Tsache."

Anakhala pambali pawo, msana utatsamira khoma.

"Njira ija sindinaiphunzire tsiku limodzi," anatero mofatsa. "Ndinaiphunzira ndikuonabe pang'ono. Maso ankauza manja kuti ichi ndi chakuti, ichi ndi chakuti, mpaka manja analoweza. Tsopano mphunzitsi wake anapita. Manja okha, pa msinkhu uno, sangayambenso sukulu."

"Ndine ndinalakwa, Bambo. Ndikanakufunsani."

"Ukanandifunsa ndikanakunamiza. Iwe unasesa, ine ndinabisa, tagawana." Anapapasa mpaka kupeza bondo lake, n'kulisisita. "Ntchito yako ikutha chifukwa cha ine, ndimamva mmene umayankhira foni. Muimbire mlongo wako. Umuuze kuti ndati lero, osati mawa."

Zengerezu anabwera tsiku lomwelo, ndi mnzake wa lole yaikulu yosamutsira anthu, poganiza kuti pali katundu. Dalaivalayo anatsitsa chitseko chakumbuyo, n'kuvala magolovesi. Tsache anatulutsa sutikesi imodzi, bulangete, ndi chithunzi cha mayi ake chokulungidwa m'thaulo.

"Katundu ndi yemweyu?" dalaivala anafunsa, akusuzumira m'nyumba.

"Yemweyo, achimwene," anayankha a Mawailesi. "Mwana wanga anakupeputsirani kale ntchito."

Dalaivalayo anaseka, Zengerezu naye anaseka pang'ono, koma Tsache anayang'ana kumbali. Anakhoma chitseko, n'kuwagwira bambo ake pachigongono, kuwatsogolera pang'onopang'ono mpaka pageti. Aneba anali ataima pampanda, epuloni ili kukamwa. Atafika pagalimoto, nkhalambayo inaumitsa thupi.

"Dikira kaye. Unditembenuze, ndiyang'ane nyumba yanga."

Tsache anawagwira m'mapewa n'kuwatembenuza. Koma pamene anawasiya, iwo anasuntha phazi kuti aime bwino, ndipo thupi linapotoka pang'ono. Anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa. Anaima nthawi yaitali, milomo ikugwedera, akulankhula chamumtima ndi khoma la garaja ya anthu ena, lopakidwa laimu, lomwe linali kutsidya kwa mpanda.

Zengerezu anatambasula dzanja kuti awakonze, koma Tsache analigwira n'kulitsitsa.

"Ikuoneka bwanji, mama?" nkhalambayo inafunsa, maso ali pagarajapo.

"Ili bwino, Bambo," anatero Tsache, misozi ikutsikira m'khosi. "Ikukuyang'anani."